Chakudya cha Alendo pa Msewu wa Kingsland

Pa tchuthi chachikulu cha chaka cha 2023 Mulungu anatichitira chifundo, ife ndi mayi a kunyumba, kuti tikaone mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ya unamwino mu mzinda wa London. Za ndege, za nyumba zazitali ndi za sitima zoyenda pansi pa nthaka ena anasimba kale. Ife tifuna kukusimbirani, okondedwa awerengi, za msewu umodzi wokha ndi za mbale ya chakudya imene inatipatsa phunziro.

Tsiku lina Loweruka mkamwini wathu anati, "Bambo, lero tisaphike nsima. Tiyeni mukalawe chakudya cha anthu a ku Vietnam ndi a ku China." Mtima wathu unagunda, pakuti kwathu kuno tinamva mbiri yakuti anthu amenewa sasiya kanthu, njoka ndi achule omwe. Mayi a kunyumba anangoyang'ana pansi. Koma popeza mlendo satsutsa mwini nyumba, tinavala majekete athu ndi kunyamuka.

Alendo ambiri ofika mu London amathamangira ku Chinatown, pa Gerrard Street, pafupi ndi Leicester Square, kumene kuli zipata zokongola ndi nyali zofiira zolendewera pamwamba pa msewu. Mkamwini wathu anati kumeneko n'kodzaza anthu odzaona malo, ndipo iye adziwa kwina kumene munthu wa malipiro ochepa amadya n'kukhuta. Tsono tinakwera basi ya nambala 149 pa London Bridge kulowera kumpoto, ndi kukatsikira pa Kingsland Road, m'dera la Hackney.

Msewu umenewu ndi wakalekale, pakuti utsata njira imene Aroma analambula yopita ku Lincoln ndi ku York, yotchedwa Ermine Street. Poyambira pake pali tchalitchi cha St Leonard's. Patsogolo pang'ono pali nyumba za njerwa zimene zinamangidwa mu 1714 kuti muzikhala okalamba osauka, ndipo lero ndi malo osungiramo zinthu zakale otchedwa Museum of the Home. Kupitirira apo pali mzikiti wa anthu a ku Turkey, wa nsanja yaitali. Pakati pa zonsezi pandandalika nyumba zodyeramo za anthu a ku Vietnam, khomo ndi khomo. Maina ake ndi a kwawo. Ina itchedwa Sông Quê, ndiko kunena kuti mtsinje wa kumudzi. Ina ndi Miền Tây, dzina la dera limene mtsinje wa Mekong umagawikana polowa m'nyanja yaikulu. Tinaona kuti munthu akachoka kwawo, dzina la kwawo amalinyamula ndi kulikhoma pakhomo.

Ife sitinalowe m'nyumba zotchukazo. Mkamwini anatitengera m'kanyumba kena kakang'ono, ka matebulo owerengeka, kopanda nsalu za pa tebulo. Titangolowa tinaona pansi, pafupi ndi khomo, kaguwa kofiira, pali tizifaniziro tiwiri, malalanje, tikapu ta tiyi ndi lubani wofuka. Pamenepo tinaima. Mwana wathu anatinong'oneza kuti, "Bambo, aka n'kaguwa ka milungu imene eni ake amati imasunga malo ndi kudzetsa mwayi pa malonda." Funso linadza mumtima mwathu: kodi mkulu wa mpingo angadye m'nyumba yotere? Tinakumbuka kuti Akhristu a ku Korinto anavutika ndi funso lomweli, ndipo mtumwi Paulo anawayankha mu 1 Akorinto 10 kuti wokhulupirira akhoza kudya kwa munthu wa chipembedzo china ndi chiyamiko, malinga asauzidwe kuti chakudyacho chinaperekedwa nsembe. Chakudya chathu chinali kuchokera kukhitchini, osati pa kaguwa paja. Chotero tinakhala pansi, tinaweramitsa mitu, ndipo tinapemphera m'Chichewa mokweza mawu. Palibe anatiseka. Mnyamata woperekera chakudya anaima chapatali kufikira titanena Amen.

Choyamba anatibweretsera mbale yaikulu ya chakudya chotchedwa phở. Umenewu ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe owiritsidwa maola ambiri pamodzi ndi anyezi ndi jinja zowamba pamoto, ndi zonunkhiritsa zina. Mu msuzimo amaikamo timizere toyera ta ufa wa mpunga ndi nyama yodula mopyapyala. Pambali amaika masamba onunkhira, nyemba zongomera kumene, ndimu ndi tsabola, kuti aliyense athire monga afunira. Chakudya chimenechi chinayambira kumpoto kwa Vietnam kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Njoka sitinaione, chule sitinamuone.

Kenaka inabwera ndiwo yamasamba yokazinga ndi adyo, imene iwo amati rau muống. Mayi a kunyumba atalawa anati, "Abambo, si kholowa uyu?" Sanalakwe kwambiri, pakuti chomera chimenechi, chimene chimamera m'madzi, ndi cha mtundu umodzi ndi mbatata. Panalinso kabotolo ka madzi ofiirira a fungo lamphamvu otchedwa nước mắm. Amawapanga ndi tinsomba ting'onoting'ono tonga usipa, timene amatisanjika m'migolo ndi mchere ndi kutisiya miyezi yambiri. Pomaliza panafika bakha wowotcha ndi phala la mpunga lothira nyama, zimene ndi zakudya za Chitchaina. Mtengo wake tikauwerengera m'makwacha mutu unali kuzungulira, koma ana athu anati mu London n'kovuta kupeza kwina kumene anthu asanu angakhute ndi ndalama zotere.

Vuto linali pa kadyedwe. M'malo mwa foloko anatipatsa timitengo tiwiri. Ife amene taphunzitsa ana ambirimbiri kugwira pensulo tinalephera kutola ngakhale kamzere kamodzi. Mdzukulu wathu wa zaka zisanu ndi ziwiri anatigwira zala nati, "Agogo, kamodzi kazikhala chete, kenako ndiko kaziyenda." Tsiku limenelo mphunzitsi anasanduka mwana wa Sitandade 1.

Mayi wina wokalamba amene anali kusadzula masamba pa tebulo la pangodya anaona kuvutika kwathu, natibweretsera mafoloko akumwetulira. Anali mayi wa mwini nyumbayo. Tinamufunsa chifukwa chake amaphika zakudya za mitundu iwiri m'nyumba imodzi. Anakhala pansi natiuza kuti iye anabadwira ku Hải Phòng, kumpoto kwa Vietnam, koma makolo ake anali a ku China. Anachoka kwawo pa bwato mu 1979 ali mtsikana, nakhala mu msasa wa othawa ku Hong Kong. Atafika ku Britain anatumizidwa ku tauni ina yaing'ono ya kumpoto kumene kunalibe womva chilankhulo chake. Pambuyo pake anatsata abale ku Hackney, nasoka zovala zaka zambiri, kufikira banja linasonkha ndalama zotsegulira kanyumbako. Anati panyanja paja chimene chinawasautsa koposa chinali ludzu. Atanena zimenezi anatithirira tiyi wina.

Mbiri ya mayiyu ndi mbiri ya ambiri. Nkhondo ya ku Vietnam inatha pa 30 Epulo 1975, pamene mzinda wa Saigon unagwa. Mu 1978 ndi 1979 maiko a Vietnam ndi China anadana, ndipo mu Febuluwale 1979 anamenyana. Anthu a mtundu wa Chitchaina amene anakhala mu Vietnam mibadwomibadwo anayamba kuonedwa ngati adani, ndipo miyandamiyanda anathawa, ena pamtunda, ena pa mabwato osalimba. Ambiri anamira. Mu Julayi 1979 maiko anasonkhana ku Geneva, ndipo boma la Margaret Thatcher linavomera kulandira anthu 10,000 ochokera m'misasa ya ku Hong Kong, imene nthawi imeneyo inali pansi pa ulamuliro wa Britain. Boma linawamwaza m'matauni osiyanasiyana, koma kusungulumwa kunawasonkhanitsanso mu London, Birmingham ndi Manchester. Nyumba zodyeramo za pa Kingsland Road zinaphuka pa muzu umenewu.

Pobwerera m'basi tinakhala chete, pakuti maganizo athu anali atapita ku Lizulu kumene tinakulira. Kuyambira mu 1986 abale athu a ku Mozambique anawoloka msewu wa m'malire ali ndi mitolo pamutu, kuthawa nkhondo, ndipo pofika 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome, dziko lathu linali kusunga othawa pafupifupi miliyoni imodzi. Makolo athu anagawana nawo madzi, nkhuni ndi ufa, ngakhale kuti iwo eni anali osauka. Tinakumbukanso kuti m'chaka chomwecho cha ulendo wathu, 2023, othawa kwawo amene anali kuchita timalonda m'matauni mwathu anasonkhanitsidwa ndi kubwezedwa ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994. Za malamulo tiwasiyire a boma. Koma tinachita manyazi pokumbuka kuti ife tomwe, pocheza ndi anzathu kusukulu, tinanenapo kuti alendowo atilanda malonda. Mayi uja akadakanizidwa kusoka ndi kuphika, bwenzi ife tsiku limenelo titadya kuti? Ndipo mwana wathu amene tinapita kukamuona, kodi iyenso si mlendo m'dziko la eni?

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, natinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Buku la Levitiko, mutu 19, likumbutsa Aisraele kuti asasautse mlendo popeza iwonso analawa ulendo ku Ejipito. Ife tinalowa m'kanyumba kaja ndi mantha ndi mbiri zabodza, ndipo amene anatichotsa manyazi, natipatsa foloko ndi tiyi, anali munthu amene tinali kumunyoza tisanamuone.

Tsono inu amene muli ndi ana kapena abale ku London, mukadzapita kukawaona muwapemphe akutengereni ku Kingsland Road, ndipo mukaitanitse phở ndi kholowa wa m'madzi uja. Inu otsala kumudzi, pa Sabata likudzali yang'anani kumbuyo kwa tchalitchi. Mukaonako munthu wa chilankhulo china amene akhala yekha pa benchi, mumuitanire kunyumba, mumuthirire madzi osamba m'manja, ndipo mumufunse za kwawo.