Ng'oma ya ku Dedza pakati pa Newtown

Newtown ndi dera la chakumadzulo pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo munthu wochokera pa siteji ya Bree amayamba walimva ndi makutu asanalione ndi maso. Mahutala a mataxi, anyamata oitanira, nyimbo za amapiano zotuluka m'mashopu, ndi mkokomo wa magalimoto odutsa pamwamba pa msewu wa M1, zonse zimakufikira nthawi imodzi. Ndinalowamo m'mawa wa Loweruka m'mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala, ndili pambuyo pa bambo wina wa kwa Kachindamoto ku Dedza amene anali atakoleka ng'oma paphewa. Ntchito yawo ndi yophunzitsa magule. Lendi ya chipinda ku Yeoville, ufa wa m'nyumba, ndi kangachepe kamene amatumiza kumudzi, zonse zimachokera m'miyendo yawo ndi pachikopa cha ng'omayo.

M'taxi imene tinakwera kuchokera ku Yeoville, ng'oma inalipira mpando wake. Aphunzitsiwo anaikhazika pambali pawo, napereka ndalama za anthu awiri popanda kunyinyirika, ndalamazo n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa wokhala kutsogolo, amene kuno ndiye amawerengera tchenji. “Ikang'ambika iyi, achimwene, mwezi wonse wang'ambika,” anandiuza.

Tinatsata msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri akuutchabe Bree. Chinthu choyamba chimene mlendo amaona ndi mayina a misewu. Apa Miriam Makeba, apo Gerard Sekoto, uko Ntemi Piliso ndi Dolly Rathebe: oimba ndi ojambula, olembedwa pa zikwangwani zimene kwina zimasungidwira andale okhaokha. M'mbali mwa misewu muli mitu ya anthu yosemedwa pa mitengo yakale ya njanji. Tikayang'ana kumpoto, zingwe zoyera za mlatho wa Nelson Mandela, umene unatsegulidwa mu 2003, zinali kuoneka pamwamba pa sitima zoima ndii m'mizere. Dera lonseli linamangidwa paphulusa, pakuti mu 1904 akuluakulu a mzinda anatentha nyumba za anthu osauka amene ankakhala pamenepa, ponena kuti mwabuka mliri.

Pa bwalo lalikulu la Mary Fitzgerald aphunzitsi anatula ng'oma kuti phewa lipume, nandilozera nyumba ya Market Theatre. Inali msika wa zipatso womangidwa mu 1913, ndipo mu 1976 Barney Simon ndi Mannie Manim anaisandutsa nyumba ya zisudzo mmene akuda ndi azungu ankakhala pa mabenchi amodzi pamene malamulo a tsankho ankaletsa zimenezo. Chakummwera pang'ono kuli sukulu ya Moving into Dance, imene Sylvia Glasser anayambitsa mu 1978 m'galaja ya kunyumba kwake. Mmenemo ndimo munaphunzira Vincent Mantsoe ndi Gregory Maqoma, amene anadzavina m'mabwalo akuluakulu a dziko lapansi. Aphunzitsi athuwa sagwira ntchito m'nyumba zimenezi, koma amadutsa pakhomo pake mwadala. Akuti zimawakumbutsa kuti kuvina ndi ntchito imene munthu angathe kukalamba nayo mwaulemu.

Malo amene anandikokera ndi dzanja kuti tilowe ndi Workers' Museum, komboni yakale ya anthu ogwira ntchito za mzinda. M'zipinda zake mukadali makama a konkire, ogundizana, pamene amuna ochokera kutali ankagona phewa ndi phewa, akazi ndi ana awo ali kumudzi. Kulinso kachipinda kotsekeramo amene aphwanya lamulo la komboni. Ndinakhudza konkireyo ndi chikhatho ndipo kuzizira kwake kunandilowa mpaka m'chigongono. Makomboni a ku migodi, kumene Amalawi zikwizikwi anapita kudzera mwa Wenela, anali a mtundu womwewu. Ulendo umenewo unaduka kwa kanthawi mu 1974, pamene ndege yobweza anthu kwawo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi.

Agogo awo a aphunzitsiwa anali m'gulu la amene anagonapo pa makama otere. “Lamulungu akaweruka, ankavina,” anatero. “Mtundu uliwonse gule wake. Munthu amene sabata yonse ankamuitana ndi nambala, tsiku limenelo ankadziwika kuti ndi wa kwa mfumu yakuti.” M'makomboni momwemo ndimo munakulira gule womenya majombo a mphira ndi manja, amene lero ndi chizindikiro cha dziko la South Africa. Ndinamva pamenepo chifukwa chimene bambowa amalowera m'nyumbayi asanapite kokaphunzitsa. Magule athu anafika ku Joni kalekale, pamapewa a anthu otopa, ndipo iwo akungopitiriza njira imene ena analambula.

Chipinda chimene amachita lendi chili pamwamba pa nyumba ina yakale yosungiramo katundu, ndipo amalipira pa ola. Masitepe ake ndi achitsulo. Mkati muli pansi pa matabwa, galasi lalikulu lodzaza khoma lonse, ndi mawindo aatali olowetsa dzuwa lopanda mphamvu. Ntchito yoyamba inali yowamba ng'oma. Kumudzi amasonkha moto wa udzu n'kuyandikiza chikopa. Kuno moto ndi woletsedwa m'nyumba, choncho anaiimika kutsogolo kwa kahita ka magetsi. Ankaitembenuza pang'onopang'ono, kugogoda ndi chala chapakati, kutchera khutu, kukanikiza phula la pakati ndi chala chachikulu, kugogodanso. Poyamba inkayankha mogontha. Pang'ono ndi pang'ono mawu anakwera, mpaka inalira mowala, ndipo nkhope yawo inamasuka. Tsiku limene magetsi azima, amatsika nayo pansi kukapempha mbaula kwa mayi wina wootcha chimanga pakona, amene tsopano amaidziwa ng'omayo ngati kasitomala wake.

Ophunzira anayamba kufika: atsikana a ku Soweto, anyamata awiri a ku Zimbabwe, mayi wa ku Congo, azungu angapo, ndi mnyamata wa ku Angónia m'dziko la Mozambique amene anatipatsa moni m'Chichewa chosalala. Ameneyu ndiye dzanja lamanja la aphunzitsi. Munthu mmodzi sangaombe ng'oma n'kumavinanso, ndipo uku ndiko kusauka kwenikweni kwa wophunzitsa magule kunja. Pabwalo la kumudzi, oomba ng'oma alipo, amayi oyambitsa nyimbo alipo, olandira alipo, a nthungululu alipo, ndipo mwana amakula akuona zonsezi asanaponye phazi. Kuno munthu mmodzi ayenera kukhala mudzi wonse, kufikira ataphunzitsa ena oti amulandire katunduyo.

Atavula nsapato, ophunzira atsopano anafola moyang'ana galasi, monga anazolowera m'makalasi ena. Aphunzitsi anawatembenuza onse kuti alifulatire, nawaika m'bwalo lozungulira. Sanayambe ndi miyendo. Anayamba ndi manja ndi pakamwa: iwo kuyambitsa nyimbo ya chimtali, ophunzira kulandira, mawu amodzi amodzi, mpaka lilime la aliyense litazolowera. Kenaka anafotokoza zimene nyimboyo ikunena, amene amaiimba, ndi nthawi imene amaiimba, chifukwa salola munthu kuvina nyimbo imene sakuidziwa tanthauzo. Mtsikana wina anafunsa kuti awerenge mpaka kangati asanatembenuke. “Osawerenga, mwanangu,” anamuyankha. “Mvera ng'oma. Ikakuitana, tembenuka.”

Apa ndi pamene pagona luso lawo lonse. Ambiri mwa ophunzirawa anakula akuwerenga kuyambira 1 mpaka 8, maso ali pagalasi. Gule wathu amafuna khutu. Ndinayang'anitsitsa mapazi a mtsikana uja. Poyamba ankaponda ndi zala zokha, chidendene chili m'mwamba, ndipo nthawi zonse ankafika ng'oma isanafike. Aphunzitsi anagwada pambali pake, namugwira bondo kuti lipinde, nakanikiza phazi lonse kuti ligone pathabwa. Anamuuza kuti atsinzine. Mnyamata wa ku Angónia anachepetsa liwiro. Kwa kanthawi mtsikanayo ankasochera ndithu, milomo ikuwerengabe mobisa. Kenaka milomo inaleka kugwedera, chiuno chinamasuka, phazi linagwa pamodzi ndi dzanja la woomba, ndipo mayi wa ku Congo uja analiza nthungululu popanda womuuza. Thukuta linali chuchuchu pakati pa chisanu, pakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mpweya suchedwa kuthera m'chifuwa.

Atafika pa ngoma ya Angoni, mnyamata wina wa ku KwaZulu-Natal anaima chilili, maso ali tong'o. Kupondako, kunyamula chishangoko, ankakudziwa kuyambira ali mwana. Aphunzitsi anafotokoza mmene Angoni anachokera kudera lakwawo komweko m'nthawi ya nkhondo za Shaka, mmene gulu la Zwangendaba linaolokera Zambezi mu 1835, ndi mmene Angoni a Maseko anakakhazikira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mnyamatayo anaonetsa mmene kwawo amaponyera mwendo m'mwamba, aphunzitsi naonetsa mmene kwathu amapondera motsika, ndipo anavina moyang'anizana mpaka matabwa kunjenjemera. Mumzinda umene mlendo wachikuda amatchedwa mayina onyoza, mmene ziwawa za 2008 ndi 2015 zinathamangitsa abale athu ambiri, ndinaona Mzulu akugwira dzanja la Mmalawi ndi manja awiri n'kumutcha malume.

Pali gule mmodzi amene salowa m'chipindachi. Pafupifupi mwezi uliwonse wina amabwera ndi foni, ataona Gule Wamkulu pa YouTube kapena atamva kuti bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, n'kupempha kuti amuphunzitse. Ena amafika ndi ndalama zooneka, kufuna zilombo pa phwando la kampani. Aphunzitsi amafotokoza mofatsa kuti gule ameneyu ndi wa pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndipo mwini wake ndi mfumu yokhala ndi mzinda. Amanena zimene aliyense woonerera pabwalo angathe kudziwa, n'kulekera pomwepo. “Za kudambwe saulula,” anandiuza tikutsika masitepe. “Ndikagulitsa chimenecho, ndidzakaima bwanji pamaliro a mayi anga?” Munthu amene lendi ikumudikira akakana ndalama chotere, ndiye kuti akudziwa chimene wanyamula.

Masana tinadya pap ndi nyama yootcha pa kakhitchini ka m'mbali mwa msewu, ndipo anandiwerengera chaka chawo. Meyi ndi wabwino chifukwa cha tsiku la Africa pa 25. Seputembala ndiye wa zokolola, pakuti pa 24 dziko lonse limakondwerera chikhalidwe ndipo masukulu amalimbirana owaphunzitsa. Januwale ndi wa njala, makolo ali pa fizi ndi mayunifolomu. Pakati pa sabata amazungulira m'masukulu, madzulo n'kumakonzekeretsa operekeza akwati masitepe a paukwati. Nkhani ya mapepala imawasowetsa tulo nthawi iliyonse chilolezo chikayandikira kutha. Bondo lakumanzere limatupa nyengo yozizira, ndipo tsiku limene sanavine ndi tsiku lopanda ndalama. Kumudzi, mayi awo akalandira ndalama za pa Mukuru, amafunsabe kuti ntchito yeniyeni adzaipeza liti.

Kalasi yomaliza ya tsikulo salipiritsa. Ndi ya ana a Amalawi obadwira kuno, amene makolo awo amawabweretsa kuchokera ku Hillbrow, ku Mayfair ndi ku Rosettenville. Ankakonzekera mganda woti akavine pa chikondwerero cha 6 Julayi. Anawo amayankhula Chizulu ndi Chingerezi mothamanga, Chichewa chikuwatuluka mokakamira, koma atafola m'mizere, mabadza ali pakamwa, mapewa ali owongoka, anali ana a ku Dowa ndi ku Ntchisi enieni. Bambo wina wolondera usiku, amene anabwera osagona, anakhala pansi pakhoma akuombera m'manja mwana wake wamkazi, ndipo nyimbo yonse ankaiimba yekha chapansipansi osaphonya liwu.

Zonse zimene bambowa amaphunzitsa ku Newtown anazitola kwaulere pabwalo la kwawo, kwa nkhalamba zimene sizinalandirepo tambala chifukwa cha nzeru zawo, ndipo zambiri mwa izo zikutha chaka ndi chaka. M'sukulu zathu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, koma woomba ng'oma wodziwa wa m'mudzi woyandikana ndi sukuluyo saitanidwa kawirikawiri kuti adzaime kutsogolo kwa ana. Tiwaitane anthu amenewa akadali ndi mphamvu, tiwalipire monga timalipirira mmisiri aliyense, ndipo mwana amene miyendo yake imamva ng'oma timuuze poyera kuti ali ndi ntchito m'manja. Anthu a mitundu ina akukwera masitepe achitsulo Loweruka m'mawa, m'chisanu, ndi ndalama zawo m'thumba, kuti aphunzire chimtali ndi mganda. Eniakefe tili ndi mabwalo, ng'oma ndi aphunzitsi pakhomo pomwe, ndipo chotsala n'chakuti tiwapatse ulemu ndi malipiro awo.