Tsiku limodzi ku Kaya Mawa, pachilumba cha Likoma

Tambala asanatsike mumtengo, ntchito imakhala itayamba kale pagombe la hotela ya Kaya Mawa. Mnyamata wina akusalaza mchenga, wina akutulutsa mipando yogonapo alendo, ndipo chapatali asodzi a usipa akupalasa kubwerera kumtunda. Antchito ambiri ndi a m'midzi yapafupi monga Nkhwazi. Amafika wapansi, kudzera m'tinjira ta pakati pa milambe, n'kupatsana moni wa "Mwadzuka bwanji, achimwene?" akumanga maepuloni.

Zipinda za pano n'zamiyala ya pachilumba pompano, madenga ake audzu. Amisiri sanalimbane ndi matanthwe amene anawapeza, anangowamangira mozungulira, moti m'chipinda china thanthwe lenilenilo ndilo khoma. M'kati muli bedi lalikulu, neti yoyera mbee, bafa lamakono ndi magetsi a dzuwa. Koma chimene chimakoka maso n'chakudenga: nyale zolendewera zopangidwa ku Katundu, malo a ntchito zamanja amene anayamba mu 2006 pachilumbachi. Kumeneko amayi amatenga zidutswa za mabotolo zoperedwa mpaka kusalala, n'kumazitunga chimodzichimodzi pawaya, ena akusokerera mikanda pansalu. Nyale imodzi imadya masiku ambiri. Mlendo amaijambula ndi foni kamphindi chabe, n'kuthamangira kunyanja.

Dzuwa likafika paliwombo, kandege kochokera ku Lilongwe kamakhala katatera. Alendo atsopano amadabwa kumva kuti mapiri akuwaona tsidya linawo ndi a ku Mozambique, ndipo madzi ozungulira chilumbachi ndi a dzikolo, ngakhale Likoma ili m'dziko la Malawi. Ena amavala magalasi osambira kukaona nsomba za mbuna m'matanthwe. Ena amapita kutchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Kunena zoona, amene amangogona pagombe osakachiona amatayapo zambiri.

Tsiku lofika Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndiye kumakhala kalikiliki. Nthaka ya Likoma ndi yamiyala ndi mchenga, imalola chinangwa koma chimanga n'chovuta, choncho zinthu zambiri zimachokera kumtunda: matumba a ufa, makireti a zakumwa, simenti. Mwera ukawomba sitima n'kuchedwa, wophika ayenera kusintha zimene anakonzera madzulo mlendo osazindikira kanthu. Luso lenileni la hotela yapachilumba lili pamenepo.

Madzulo matebulo amayalidwa pamchenga, nyali zitayatsidwa, chambo chikununkhira. Kuseri, kukhitchini, mbale zikugundana, wamkulu wa ophika akuwerenga mazira ndi tomato wotsala kuti aone ngati zifike tsiku la sitima. Otsuka mbale akukangana za matimu a mpira a Bullets ndi Wanderers, ndipo mlonda wausiku, amene wangofika kumene ndi tochi yake, walowerera mkanganowo asanamve n'komwe mmene unayambira.