Madontho a m'mano a mwana uja

Sabata lina masana, titamaliza phunziro la zaumoyo, mayi wina anatikokera pambali. Mwana wawo wa sitandade 6 anasiya kuseka pagulu chifukwa anzake ankamunena kuti satsuka mkamwa. Mano ake anali ndi madontho a bulauni. Ife a dipatimenti ya zaumoyo tinangoti, "Mayi, azitsuka kawiri pa tsiku." Chonsecho mwanayo ankatsuka kale mpaka nkhama kutuluka magazi. Tinalakwa.

Vuto linali m'madzi a pamjigo. M'madera ena, monga ku Nathenje ndi mbali zina za Machinga, madzi a pansi amatenga mchere wotchedwa fuloraidi kuchokera m'miyala. Ukachuluka, umasiya madontho m'mano a ana amene akadali kupangika, ndipo mswachi sungawachotse. Bungwe la WHO limati usapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti mchere womwewu, ukakhala wochepa, umalimbitsa mano kuti asabowoke. N'chifukwa chake mzinda wa Grand Rapids ku America unayamba kuuthira dala m'madzi a m'mipopi mu 1945, ndipo mizinda yambiri inatsanzira. Mu 2015 kumeneko analangiza mamiligalamu 0.7 okha. Amene amapindula kwambiri ndi ana a m'mabanja osauka, oti saonana ndi dokotala wa mano kufikira dzino litafunika kuzula.

Abale ena ataona mavidiyo pa WhatsApp onena kuti fuloraidi ndi poizoni anafuna kutaya mankhwala otsukira mano. Sitinagwirizane nawo. Ngakhale mchere wa m'ndiwo umapweteka ukachuluka, koma palibe anasiya kuthira. Kudziletsa kumene timalalikira ndi nkhani ya muyezo. Mwana wa zaka 3 mpaka 6 tizimuikira mankhwala ochepa ngati njere ya nsawawa, alavule, asameze.

Chimene chinatipweteka mtima n'chakuti kuwiritsa madzi, kumene timalimbikitsa pothana ndi kolera, sikuchotsa fuloraidi. Kolorini nayenso sachotsa. Choncho tinapempha komiti ya mjigo kuti ikaonane ndi a zamadzi kuboma adzayeze madziwo.

Madontho a mtsikana uja sadzachoka okha. Tinapita kwawo kukapepesa, n'kuwafotokozera mayi ake kuti mwanayo alibe mlandu. Mng'ono wake ali ndi zaka ziwiri, ndipo pano akumutungira madzi akumwa kwina.