Mantha adachoka, thanthwe likadali loterera

Mbadwo wathu udakula ukudziwa kuti phiri la Mulanje amakwera ndi anthu awiri: mzungu wa jombo kumapazi, ndi Mmalawi womusenzera katundu kapena wotsika ndi thabwa la mkungudza pamutu. Kukwera phiri popanda chokatenga tinkakuyesa misala ya anthu okhuta. Lero kukacha bwino Loweruka, pa Likhubula pamaima maminibasi a makwaya, ana asukulu ndi anthu a m'maofesi a ku Blantyre, onse ulendo wa ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Kusinthaku ndimakuyamikira, chifukwa kukongola kwa kwathu tidachedwa nako kukuona. Koma ndikuona kuti chimene chinkasunga anthu m'njira tachitaya tisanapeze cholowa m'malo mwake.

Chinkatisungacho chinali mantha. Padziwepo akuluakulu ankathira nsembe, ndipo ankati phirili lili ndi eni ake osaoneka, oti ukapeza chakudya m'tchire uzidya wekha, osaitana mnzako. Wokhulupirira ndi wokayika yemwe, onse ankaponda pomwe wotsogolera waponda. Mlendo wa lero ali ndi foni m'manja, ndipo chithunzi chimene akufuna kukaika pa Facebook chili pamwamba pa mathithi, pomwe njira siyifika. Ndiye amapatuka, akugwira udzu ndi mizu, n'kukaima pathanthwe lonyowa lomera ndere atavala masilipasi. Sadziwa kuti mvula ikagwa kumtunda, madzi amadzaza mwadzidzidzi ngakhale padziwe pakuwala dzuwa, komanso kuti chiperoni chikatsika, munthu saonanso mwala umene wadutsa posachedwa. Pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, mayi wa ku Netherlands adasowa mu 2003 osapezekanso, ndipo mnyamata wa ku Brazil adafera komweko mu 2009 atasiya womuperekeza. Sikuti mizimu idawalanga. Iwowa adangotsala okha pamalo posakhululuka.

Ena amati phirili ndi lathu, nanga tilipirirenji munthu wotilondolera kwathu komwe? Funsolo limamveka, makamaka kwa amene akukumbuka kuti zokongola za dziko lino zinkakhala ngati za alendo okha. Komatu umwini supatsa munthu maso. Wobadwira ku Ndirande ndi mlendo pa Likhubula chimodzimodzi wochokera ku London, ndipo mwina wa ku Ndirandeyo ndiye ali pangozi kwambiri, poti amachita manyazi kufunsa.

Ena amati owononga phiri ndi ocheka matabwa ndi ootcha makala, osati okajambulitsa. N'zoona ndithu: nkhalango idatetezedwa kuyambira 1927, koma mkungudza waukulu watha ndi macheka ndi moto, osati ndi mapazi a makwaya. Chovuta n'chakuti zimenezo n'zomwe zapangitsa kuti phazi liyambe kuwerengedwa. Pamtsetse popanda mitengo, kanjira kachidule kopondedwa chilimwe chonse kamasanduka ngalande mvula yoyamba ikangogwa. A ku Phalombe adaona napolo mu 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 adagumula mbali za phirili n'kukwirira midzi. Woperekeza alendo wa pa Likhubula amadziwa mwala umene udasuntha chaka chimenecho ndi poolokera pomwe padakumbika, zinthu zimene foni siyikuuza. Ndalama imene timamunyinyirika nayo nthawi zambiri siyifika pa imene gulu lathu laononga pa nyama yootcha ndi zakumwa za ulendowo.