Dzina la Mfumu Likhale Pomalizira

Anthu ambiri amaidziwa Nzama chifukwa cha mishoni. Nkomweko kumene ansembe a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adafika m'chaka cha 1901, mfumu Njobvuyalema nkuwapatsa malo. Ine kwathu nkomweko, koma za utsogoleri ndidaziphunzira pa kope la malume anga, omwe adali nyakwawa.

Amene adaiona njala ya 2002 safuna kukumbutsidwa. Madeya adasanduka chakudya cha anthu, ena mpaka kukumba zitsa za nthochi. Chimanga cha chithandizo chitayamba kubwera, mafumu adauzidwa kuti alembe maina a ovutikitsitsa. Malume adayamba ndi amasiye, kenaka nkhalamba, dzina lawo nkuliika pansi penipeni. Matumba adatha asanafike pa tsamba limenelo.

Akazi awo adawafunsa pamaso pathu: "Kodi bambo, anawa adya kopelo?"

Iwo adangoti, "Mayi, ndikayamba kutapa ndine, mawa ndimuletsa ndani?"

Musaganize kuti pakhomopo tidaomba m'manja ayi. Tidagona ndi njala, ndipo mbuzi zonse zidagulitsidwa pa mtengo wolira. Kudziletsa kwa mtsogoleri kumapweteka a m'nyumba mwake poyamba. Komatu m'mudzimo simudamveke ndewu ya chimanga, poti aliyense ankadziwa pamene padali dzina la mfumu.

Khalidwe limeneli silidayambe ndi njala. Kwathu ku Ntcheu mowa sitiuthawa, koma tsiku la bwalo malume sankalawa ngakhale chipanda chimodzi. Munthu wa mlandu akabwera ndi nkhuku madzulo, ankabwerera nayo. Adazolowera kudzikaniza zazing'ono, nchifukwa chake chachikulu chitafika sadagwedezeke.

Tsono taonani zomwe zinkachitika kumtunda. Njalayo isanafike, chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa. Mu July 2002, anthu asanapukute misozi, Nyumba ya Malamulo idali kalikiliki kukambirana zochotsa malire a materemu a pulezidenti, kuti a Bakili Muluzi aimenso. Bilu imeneyo idalephera ndi mavoti atatu okha. Mu 2013 tidamvanso za Cashgate, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto. Abale, anthu amenewa sukulu adapita, malamulo ankawadziwa. Chidasowa ndi mphamvu youza mtima wako kuti, "Basi, apa pokha ayi."

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya yoyamba imachokera m'mimba mwa mwini wake. Woilewa imeneyo adzalewanso zina zonse.

Nthawi ya kampeni ikamafika timakonda kufunsa kuti, "Atipatsa chiyani?" Ine masiku ano ndimafunsa anansi ake a munthuyo: kodi mudamuonapo akudzimana kanthu kali m'manja mwake, popanda womukakamiza? Akayamba kukanda m'mutu, voti yanga ndimasunga.