Nkhuku yowotcha, mango ndi apongozi a ku Chipata

Pakati pa Achewa, kaya ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia, munthu amene sanagwire mbamu ya nsima amati sanadye. Zipatso ndi zongotolatola masana, zodyera pansi pa mtengo, ndipo sizikumana ndi nyama m'mbale imodzi. Chizolowezi chimenechi ndicho chinamupinga mayi wina wa ku Mchinji, wokwatiwa ku Chipata, atabwerako ku Johannesburg kumene ankaphika mu hotela. Anapeza apongozi ake akudwala shuga. Kuchipatala anali atawauza kuti achepetse nsima ya ufa woyera ndi zokazinga, ndipo mayi wokalambayo, pokwiya, anangochepetsa kudya konse. Thupi linayamba kutha.

Munali mu Januwale, mango akupita kumapeto, mapeyala akuyamba. Mtengwayo anagula nkhuku yoyera, pakuti yachikuda, ngakhale imakoma kuposa inzake, imalimba pamoto ndipo malo ake ndi mumphika. Anasupula khungu la chidali, nachiviika m'madzi a mandimu osakaniza ndi adyo, tsabola ndi kamchere, kwa ola lathunthu. Pambaula anadikira kuti malawi azilale, makala avale phulusa loyera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: moto wa malawi umapsereza kunja, m'kati muli mwazi. Nyama itapsa mpaka madzi ake kutuluka oyera, anaiika pambali kuti ipume, chifukwa ukaidula ikadali yotentha msuzi wonse umathera pathabwa.

Mpeni umene unakhudza nyama yaiwisi anautsuka ndi sopo asanayandikize zipatso. Anasankha bango limodzi lokha, longoyamba kupsa, lolimba ndi lowawasa pang'ono, podziwa kuti wodwala shuga sayenera kuchulukitsa zotsekemera. Anaduladula letesi, anyezi ndi matimati, kenaka peyala, nalifinyira ndimu kuti lisade. Mafuta ophikira sanathiremo. A peyala anakwanira.

Anagwada, napereka mbale.

"Amayi, talawaniko."

Apongoziwo anayang'ana nthawi yaitali. "Mwanangu, kotapela ndi nkhuku? Nanga ndiwo ndi ziti pamenepa?"

Funsolo linali la nzeru, osati chipongwe. Mawu akuti ndiwo amafuna mnzake: ndiwo ndi chimene chimaperekeza nsima, ndipo popanda nsima nkhuku ija inalibe dzina. Saladi ndi mawu obwereka, ndipo kwa ambiri amatanthauza kakabichi kodula kamene amaika pambali pa tchipisi. Ngakhale chipatso chomwecho awiriwa sankachitchula mofanana, wina peyala, wina kotapela, chonsecho kwawo ndi kuno n'kongodumpha malire a Mwami.

Mtengwayo sanatsutse. Anabwerera kumoto, naphika kansima ka mgaiwa, mtanda umodzi wochepa ngati chibakera cha mwana, naukhazika m'mbale yakeyake monga mwa ulemu. Pamenepo apongoziwo anasamba m'manja. Anatema mbamu, nagwira nayo nyama, kenaka kachidutswa ka bango, nkhope itachita tsinya. Kuwawasa kwa ndimu kunagwirizana ndi fungo la utsi, ndipo dzanja linabwereranso m'mbale, kawiri, katatu, kufikira letesi yense atatha.

Madzulo mnansi wina anadzazonda matenda, nafunsa ngati odwalawo adyako kanthu.

"Ndadya," anatero apongoziwo. "Nsima ya nkhuku. Mangowo anangogweramo."