Gaza, Ngalande ndi Khomo la Khonsolo

Munthu akachokera ku Limbe mumsewu wa Masauko Chipembere, asanalowe m'tauni ya Blantyre amadutsa ku Chichiri, kumene kuli maofesi a khonsolo ya mzinda omwe timawatcha Civic Centre. Zionetsero zambiri za mumzinda muno zimathera pakhomo limeneli: atsogoleri amawerenga chikalata cha madandaulo, mkulu wina wa khonsolo amachilandira, anthu n'kubalalika. Ife Asilamu khomoli sitilisowa. Mu 2020, khonsolo itachotsa chikwangwani cha Islamic Information Bureau ku Maselema, chomwe chinkaitanira anthu kuwerenga Qur'an, nkhaniyo inawanda m'mizikiti mpaka bungwe la Public Affairs Committee linalowererapo. Chimene ndimasinkhasinkha n'chakuti pakhomo limeneli timapitapo kangati, ndipo timanyamula chiyani.

Chiyambire Okutobala 2023, dzina la Gaza silinachoke m'maduwa athu. Ana a kumadrasa amaona zithunzi pa mafoni a makolo awo n'kumandifunsa mafunso amene mayankho ake amandiuma pakamwa. Wonena kuti zimenezi n'zakutali sanayang'ane bwino. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 a m'dziko muno anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu Epulo 2024 boma lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa buledi ndi feteleza unatiuza wokha kuti moto wa kutsidya la nyanja umafika mpaka mumsika wa Limbe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

N'chifukwa chake sindidzudzula abale amene amafuna kutula nkhawa za Palestine ku khonsolo. M'mayiko ena zimachitika. Mu Januwale 2024 khonsolo ya mzinda wa Chicago ku America inavomereza, ndi mavoti 24 kwa 23, chigamulo chopempha kuti nkhondo ya ku Gaza ileke. Mabomba sanasiye kugwa, koma zinalembedwa kuti mzindawo unalankhula. Nayenso Blantyre ali ndi ubale ndi mizinda yakunja, monga Hannover wa ku Germany kuyambira 1968. Komabe tidziwe malire a khomo limene tikugogodalo. Za ubale wa Malawi ndi mayiko ena zimagamulidwa ku Capital Hill ndi ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Chikalata chotere khonsolo ingachilandire ndi kuchitumiza kwa eni ake, basi.

Zomwe zili m'manja mwa khonsolo, malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndi zinthu zimene maso athu anazizolowera: kututa zinyalala kupita ku Mzedi, kusamalira misika ndi zimbudzi zake, ngalande, misewu ya m'madera, manda, ndi kuvomereza malo omanga nyumba. Zimaoneka zazing'ono, koma zikanyalanyazidwa zimapha. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Tinaswalira majanaza ambiri masiku amenewo. Funso la malo omwe anthu osauka angamangepo nyumba popanda kuika moyo pachiswe linalipo namondweyo asanabwere, ndipo likadalipo.

Nyengo ya dzinja ikafika, kaundula wa kalasi langa amachepa mayina. Ena atsekula m'mimba, ena makolo awaletsa kuoloka ngalande yodzaza mapepala apulasitiki. Tsiku lina pamsonkhano wa makolo ndinafunsa amene akudziwa dzina la khansala wa wodi yathu, ndipo manja amene anakwera sanakwane zala za dzanja limodzi. Anthu omwewo ankatchula Rafah ndi Khan Younis mosadodoma. Sindikunena izi mowanyoza, pakuti chifundo chawo n'chenicheni. Ndikungoona kuti chifundocho sichinapatsidwe ntchito pafupi ndi kwawo.

Chisilamu sichinasiye nkhani zoterezi kunja kwa chipembedzo. Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti kuchotsa chinthu chopweteka panjira ndi gawo la chikhulupiriro, ndipo anatsindika za ufulu wa mnansi. Akatswiri a fiqh anafotokoza za faradhi kifaya, udindo umene ukagwiridwa ndi ena onse amapepukidwa, koma ukasiyidwa ndi onse tchimo limagwera mudzi wonse. M'mizinda yakale ya Asilamu monga Cairo ndi Cordoba munali mkulu wotchedwa muhtasib, amene ankayendera misika, kuyesa masikelo a ogulitsa ndi kuletsa anthu kutsira zonyansa m'misewu. Mbali yaikulu ya ntchito yake lero ili m'manja mwa khonsolo. Ngati kusambitsa maliro ndi faradhi kifaya, kodi kutseka njira imene ikubweretsa malirowo tingakusiyire ena?

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala popanda makhansala, ndipo mwina apo ndi pamene tinazolowera kudandaulira m'minibasi. Lero alipo, tinawasankha pa 16 Seputembala 2025. Komiti ya mzikiti uliwonse, kaya ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Zingwangwa, itha kusankha anthu awiri, bambo ndi mayi, oti azikakhala nawo pa misonkhano ya chitukuko ya m'wodi, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Madandaulo alembedwe, otchula malo ndi tsiku, ndipo kope lake lisungidwe. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho tingafunse mwaulemu momwe ndalama za misonkho zikuyendera. Tipitire limodzi ndi anansi athu a CCAP ndi Katolika, chifukwa madzi oipa safunsa chipembedzo. Nafenso tilipire msonkho wa mzinda ndi kuleka kutaya zinyalala mu Mudi.

Tikatero, tsiku limene tidzanyamule chikalata cha Gaza kapena Sudan, chidzaperekedwa ndi anthu odziwika pakhomopo, amene anabwera mwezi watha kudzanena za chimbudzi cha kumsika ndipo adzabweranso mwezi wamawa. Mawu a anthu otere amalemera. Allah apereke mpumulo kwa oponderezedwa kulikonse, ndipo atipatse ife mphamvu yosamalira mzinda umene watiikamo.